Tsache la Mfumu M'dimba la Nazimbiri

Kuseri kwa mapiri amene sapezeka pa mapu a ana asukulu kuli ufumu wotchedwa Mawatidya. Dzinali silinabwere mwangozi. Anthu a kumeneko amabadwa akulonjezedwa, amakula akulonjezedwa, ndipo akamwalira nduna imafika pamaliro kudzalonjeza otsala. Likulu lake ndi Takhutakale, mzinda umene m'masitolo mwake mumapezeka malamba a m'chiuno ataliatali okhaokha. Kumeneko ndiko kumakhala Mfumu Dzitamandire Wachiwiri, Nkhokwe Yoyenda, Mvula Yosakata, Khasu la Mtundu Wonse. Khasu lenileni mfumuyo inalionapo pa chithunzi.

Chaka chilichonse mvula ikayandikira kunkachitika Tsiku la Thumba. Amayi ankavina kuyambira m'mawa mpaka fumbi kulowa m'mano, abambo ankaomba m'manja mpaka zikhato kutupa, kenako asilikali ankakweza m'mwamba thumba la feteleza kuti aliyense alione. Anthu akaliona n'kululutira, thumba lija linkabwezedwa m'galimoto kuti a dera lina akalionenso. Feteleza weniweni ankafika chimanga chitamasula kale, ndipo ankagawidwa ndi kapu ya tiyi.

Chaka china kunatulukira gulu la anthu achilendo. Anali aphunzitsi opuma ntchito, alimi wamba ndi amayi a m'mipingo, ndipo ankadzitcha alangizi odzipereka. Ankayenda m'midzi kuphunzitsa anthu kulima chakudya chawo popanda feteleza kapena mankhwala ogula. Ku mudzi wa Dikirani kunapita a Zakeyu Chimbalanga, mphunzitsi wopuma, wamtali, wadazi, wa njinga imene mabuleki ake anali zidendene za mwiniwake.

Tsiku loyamba mudzi wonse unasonkhana pansi pa mtengo wa mango. Anthu anamvetsera mwaulemu kwa kanthawi, maso ali pa kaliyala wa njinga.

"Aphunzitsi," anafunsa bambo wina, "kodi mabanzi ndi zakumwa zikubwera pambuyo?"

"Ndabwera ndi manja awiriwa basi," anayankha a Zakeyu. "Zina zonse muli nazo kale kuseri kwa makola anu."

"Nanga kam'thumba?"

"Kulibe."

Bamboyo anadzuka, nasasa fumbi pa thalauza. "Maphunziro opanda banzi ndi miseche chabe," anatero, ndipo mudzi unamutsatira. Panatsala amayi ochepa, ndipo mmodzi mwa iwo anali Nazimbiri.

Nazimbiri sanatsale chifukwa chokonda sukulu. Chaka chapitacho mwana wake wamng'ono, Tinenenji, anatupa mapazi, tsitsi linafiira n'kumathothoka, ndipo mayiyo anagona naye kuchipatala mpaka mphasa yake ya kunyumba inadyedwa ndi chiswe. Mwanayo anapulumuka movutikira. Anamwino anamuuza mosabisa kuti akapanda kudya zamasamba ndi nyemba matendawo abweranso, ndipo akabweranso sachita chibwana. Mwamuna wa Nazimbiri anapita kalekale kukafuna ganyu ku Takhutakale, ndipo zikuoneka kuti anakhuta nawo, chifukwa sanabwererenso.

A Zakeyu anawaphunzitsa amayiwo kuunjika mulu wa manyowa: pansi mapesi, pamwamba masamba aawisi, kenako ndowe ndi zitosi za nkhuku, kaphulusa pang'ono, madzi, n'kuyambiranso. Anawaphunzitsa kupisa mkono mkati mwa mulu kuti amve ngati watentha, ndi kuutembenuza kuti upume. Koma chimene ankalimbikira kwambiri chinali kuphimba nthaka.

"Dothi lili ngati mutu wangawu," ankatero akusisita dazi. "Mukalisiya pamtetete dzuwa liliwotcha. Livekeni chipewa cha udzu ndi mapesi."

Dimba la Nazimbiri linali m'mbali mwa kamtsinje, ndipo linavomera. Nkhwani, mpiru, bonongwe, luni, khwanya ndi matimati zinamera mosakanikirana pamwamba pa udzu wouma, dothi la pansi pake lili lakuda ndi lonyowa ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Nsabwe za m'masamba ankazithamangitsa ndi madzi a nimu ndi tsabola. Masaya a Tinenenji anabwerera, tsitsi linada, ndipo anayamba kuvuta ngati ana anzake. Pakona pa dimbalo Nazimbiri anaunjika mulu wina waukulu, wofika m'chifuwa, woti akathire kumunda mvula ikagwa. Aja anathawa chifukwa cha banzi anayamba kubwera mmodzimmodzi, akunamizira kuti akungodutsa.

Tsiku la Thumba litakwana, malo a amayi a ku Dikirani pabwalo lovinira anali opanda munthu. Onse anali kutembenuza milu. Ku Takhutakale anatumiza mthenga kuti akaone ngati mudziwo wagwa mliri, ndipo mthengayo anakumana ndi a Zakeyu ali ndi mtolo wa mpiru pa njinga. Apa mpamene aphunzitsi aja, amene ankadziwa zambiri za dothi koma zochepa za mafumu, anatupa mtima ndi kunyadira.

"Kulibe mliri kuno, achimwene. Anthu akudya. Kauzeni akuluakulu abwere adzaone ndi maso awo!"

Walira mvula walira matope.

Mthenga atakanena za manyowa ndi dimba la Nazimbiri, bwalo la nduna linakumana mwadzidzidzi, ndiko kuti atangomaliza chakudya chamasana.

"Anthu akudya?" inafunsa mfumu. "Popanda ine?"

"Akudya, mfumu yanga, ndipo akudya lero lomwe," anatero a Lonjezani, Nduna ya Zokolola Zam'tsogolo, misozi ikulengeza. "Zikapitirira chonchi unduna wanga utsekedwa. Munthu wokhuta salonjezeka."

"Nanga mlangiziyo amamulipira ndani?"

"Palibe, mfumu. Akuti amangodzipereka."

Nduna zimenezi sizinkayetsemula n'komwe pamsonkhano popanda alawansi, choncho zinagwirizana kuti munthu wogwira ntchito mwaulere ndi mfiti kapena kazitape, mwinanso zonse ziwiri. Ena anati amangidwe. Akadaulo a malamulo anafufuza mpaka thukuta, koma sanapeze ndime yoletsa masamba kuola. Mfumu inatseka maso kwa nthawi yaitali, moti ena ankaganiza kuti ikusinkhasinkha, ena kuti yagona. Kenako inadzidzimuka.

"Chinthu chikakoma mu ufumu uno, ndiye kuti ndinachiyambitsa ndine. Ndakumbukira tsopano. Manyowa amenewa ndinawalota dzana."

Nduna zinaimirira n'kuomba m'manja. A Lonjezani ananena kuti nawonso anamva fungo la malotowo ali kunyumba kwawo.

"Ndipita ndekha kukatsegulira dimbalo," inapitiriza mfumu. "Ngati akudya lisanatsegulidwe, akudya mosavomerezeka."

Lamulo linawerengedwa ndi chimkuzamawu pa msika wa Tingoona, umene anthu a ku Dikirani amapita kukaona zinthu zimene sangagule. Mthenga analengeza kuti mfumu, mwa chifundo chake chosaneneka, yatulukira ulimi wa manyowa, kuti ibwera kudzatsegulira dimba la mayi wodala Nazimbiri, ndi kuti kuyambira tsikulo manyowa onse azitchedwa Nzeru za Mfumu.

"Dzinalo ndiye lakhoza," anatero mayi wogulitsa zitumbuwa osatukula mutu. "Mbuzi yanga yakhala ikupereka uphungu kuseri kwa khola chaka chonse, ine osadziwa."

"Musaseke, achemwali," anatero bambo wogulitsa makala. "Kwathu inabwerapo kudzatsegulira chitsime. Mpaka lero timamwa kumtsinje."

"Chitsimecho chinatani?"

"Anachikwirira kuti papezeke malo oimikapo nsanja."

Nazimbiri anali pomwepo ndi beseni la nkhwani. Anzake anamuyamikira kuti wachita mwayi, koma ankamuyamikira ndi mawu amene anthu amapepesera nawo pamaliro.

Tsopano muyenera kudziwa za Lamulo la Tsache. Bambo ake a mfumuyi anaterereka pa khoko la nthochi pamaso pa khamu, ndipo khamulo linaseka. Kuchokera pamenepo diso la mfumu ya Mawatidya sililoledwa kuona chinyalala. Kulikonse kumene ikupita, pansi amasesa mpaka dothi kuwala, miyala amaipaka laimu, mitengo amaiyeretsa mpaka m'chiuno. Ntchitoyi ili ndi ofesi yake, ndipo mkulu wake ndi a Yeretsani, Mkulu wa Zaulemu ndi Masache, munthu wa suti yoyera amene amayenda ndi kampango pamphuno.

A Yeretsani anafika ku Dikirani ndi lole yodzaza osesa, asilikali ndi migolo ya laimu. Anatsika, nayang'ana uku ndi uku.

"Mayi, dimba lija lili kuti?"

"Ndi lomwe mwaimamoli, bwana," anayankha Nazimbiri.

"Ili ndi dzala. Ine ndikufunsa dimba."

A Zakeyu anathamangira kudzafotokoza. Anakanula udzu, naonetsa dothi lonyowa, nafotokoza kuti udzuwo ndiwo umasunga chinyezi, ndi kuti mulu wa pakonawo ndiwo manyowa amene mfumu ikubwera kudzatsegulira. A Yeretsani anamvetsera mwaulemu wonse, akugwedeza mutu.

"Aphunzitsi, ine sindikutsutsa. Nzeru za Mfumu ndi zabwino zedi. Koma mfumu singazione, singazinunkhize, singaziponde. Anyamata, masache!"

Anasesa udzu wonse ndi mapesi onse, nazikoka pakati pa mizere mpaka nthaka inatsala yamaliseche. Bonongwe, luni ndi chisoso anazula, poti mlendo wa ulemu sangaone tchire m'dimba. Tsamba lililonse lokhala ndi kabowo analithothola. Nkhwani anati ukuyanga mopanda mwambo, choncho anaudula. Nyongolotsi zitatulukira pamtunda, mkulu wa asilikali anati ndi tinjoka, nkhani ya chitetezo, ndipo anyamata ake anazipondaponda ndi majombo mpaka ufumu unapulumuka.

Atatembenukira ku mulu uja, Nazimbiri anagwada pamaso pa a Yeretsani.

"Bwana, chonde. Muluwo ndi chakudya cha mwana wanga cha chaka chamawa. Ndautembenuza ndi manja angawa chilimwe chonse. Ngati ukukununkhirani, ndiuphimba ndi zitenje zanga zonse, mfumu siuona. Usiyeni."

"Mayi, dzukani mungandidetsere nsapato. Anzanu amalirira kuti mfumu iponde pakhomo pawo, inu mukulirira zinyalala?"

Mulu unakana kuyaka chifukwa unali wonyowa, choncho anauthira dizilo. Unafuka utsi wakuda masana onse. Nazimbiri anaima chapatali atabereka Tinenenji, ndipo sanalire. Mtima wake unali utadzaza mantha moti misozi inasowa podutsa. A Zakeyu anavula chipewa ngati munthu wa pamanda.

Ntchito itatha, a Yeretsani anayang'ana dimbalo ndipo anakhumudwa. Linali loyera bwino, koma munalibe kanthu. Anatumiza uthenga ku Takhutakale, ndipo kutacha inafika lole ina yodzaza makabichi aakulu ngati mitu ya nduna ndi matimati ofiira psuu ochokera m'sitolo. Makabichi anawakhazika pa dothi m'mizere yowongoka ndi chingwe. Matimati anawamangirira ndi ulusi ku timitengo topaka laimu. Anthu onse a ofesi anavomereza kuti tsopano likuoneka ngati dimba.

Mfumu inafika dzuwa lili paliwombo, itachedwa monga mwa ulemu wake. Inayenda pa mkeka wofiira kuchoka pa galimoto mpaka pa nsanja, imene anaimika pomwe panali mulu.

"Anthu anga okondedwa," inayamba, "kale munkadya chiyani ndisanalote? Ine sindigona chifukwa cha inu. Ndikagona, ndimagona kuti ndikuloterani. Onani dimba ili! Mulibe udzu, mulibe fungo, mulibe ngakhale kachilombo kamodzi. Umu ndi mmene ulimi wachilengedwe uyenera kuonekera."

Inadula riboni. Kenako anaiveka magolovesi oyera kuti ikolole chipatso choyamba. Inawerama movutikira, nigwira kabichi, ndipo kabichiyo ananyamuka mosavuta, wopanda muzu ngakhale umodzi. Mfumu inamutembenuza, niyang'ana kunsi kwake.

"Ndi mtundu watsopano, mfumu yanga," anafuula a Lonjezani. "Sufuna mizu. Umakhala ndi moyo chifukwa chokhulupirira boma lanu."

"Ngati anthu anga," inatero mfumu mokhutira, ndipo ng'oma zinalira.

A Zakeyu anawaitanira kutsogolo, nawaveka nsalu ya nkhope ya mfumu, nawauza kuti anene mawu. Aphunzitsi aja, amene pansi pa mtengo wa mango ankatha kulankhula mpaka nkhuku kulowa m'khola, anayang'ana asilikali, nayang'ana Nazimbiri, nati, "Zikomo mfumu." Anaomba m'manja ngati wina aliyense. Nazimbiri anavina, chifukwa ku Mawatidya wosavina amafunsidwa mafunso. Anavina pamwamba pa mizere yake yomwe, mwana ali kumsana, mapazi ake akulimbitsa dothi limene analifewetsa yekha.

Alendo anadya ng'ombe zimene anabwera nazo, eni mudzi namva fungo. Dzuwa lisanalowe makabichi anawakweza m'lole, matimati anawamasula ku timitengo, pakuti mudzi wina unkadikira kuti nawonso atseguliridwe dimba. Ku Dikirani kunatsala miyala yoyera, phulusa lonunkha dizilo, ndi chikwangwani chachikulu cholengeza kuti pano mfumu inathetsa njala.

Dzuwa linamaliza zimene masache anasiya. Timpiru totsala tinafota, nthaka inang'aluka. Chakudya cha Tinenenji chinabwerera ku mchere ndi madzi, ndipo m'mawa uliwonse mayi ake ankamukhazika pamwendo n'kudina chala chachikulu pamwamba pa phazi lake, kuona ngati pasiya dzenje. Anamwino ndiwo anamuphunzitsa kutero. Ankadina mtima uli m'mwamba, ndipo ankaopa kuchotsa chalacho.

Ku msika wa Tingoona nkhani inali yomweyo.

"Ndamva kuti kwanu njala inatha," anatero wa makala uja kwa mayi wa zitumbuwa.

"Inatheratu. Ikabwera timaiwerengera chikwangwani, imachita manyazi n'kubwerera."

A Zakeyu anasowa kwa kanthawi. Kenako m'mawa wina anatulukira akukankha njinga, nsalu ya nkhope ya mfumu atamangira pa chishalo chong'ambika. Anapeza Nazimbiri akuchotsa miyala yoyera m'dimba. Anaima kunja kwa mpanda, osalimba mtima kulowa.

"Anazimbiri, ndine ndinawaitana."

"Ndikudziwa, aphunzitsi."

"Ndinkafuna aone kuti n'zotheka."

"Aona." Nazimbiri anaponya mwala kunja kwa mpanda. "Munatiphunzitsa za mbozi, za nsabwe, za anankafumbwe. Chilombo chachikulu munachiiwala, ndipo chimenechi nimu sachimva. Gwirani ndowayi, musangoima ngati chikwangwani chinzake."

Anawatsogolera kuseri kwa sukulu, kumene kunamangiriridwa ng'ombe za phwando zija. Kumeneko tsache silinafike chifukwa diso la mfumu silinkayenera kufikako, ndipo ndowe zinali mbwee, zouma bwino.

"Chibadwire changa," anatero Nazimbiri akuwola ndi manja, "ichi ndi chinthu choyamba chaphindu chimene boma lasiya ku Dikirani osabwerera nacho. Zotuluka pakamwa pawo tazithira zaka zonsezi, sizinamere kanthu. Tiyese izi."

A Zakeyu anafuna kuseka koma anachita manyazi. Anadzaza ndowa, naikweza pa kaliyala. "Mvula yayandikira, mayi. Muluwu supsa msanga. Kumunda muchedwa."

"Ndichedwa. Koma mwanayu sangadikire Tsiku la Thumba."

Sanabwerere ku dimba lakale. Nazimbiri anatsogola, Tinenenji ali kumsana, kudutsa manda mpaka pa kachigwa kobisika ndi bango, kumene galimoto singafike ndipo mkeka wofiira sungayalike. Amayi anzake anali atafika kale ndi mitolo ya mapesi, ndipo palibe amene ankaimba nyimbo. Anayala mapesi, anathira masamba, anathira ndowe za phwando la mfumu. Tinenenji anakhala pa mthunzi akuyamwa chala, ndipo mayi ake akamadutsa ankamuyang'ana kumapazi.

Mulu utafika m'mawondo, Nazimbiri anawongola msana natembenukira kwa aphunzitsi.

"Pali phunziro limodzi, aphunzitsi, ndipo lero ndikuphunzitsani ndine. Mthenga akadzabweranso kudzafunsa za ku Dikirani, mudzayankha kuti chiyani?"

A Zakeyu anayang'ana pansi. "Ndidzati sindikudziwa."

"Ayi. Akamva kuti simukudziwa adzabwera kudzaona." Nazimbiri anapita pa mthunzi paja, nanyamula mwana wake, nadina chala pa kaphazi kaja. Anachisiya pamenepo kanthawi, kenako anachichotsa. Panatsala kadzenje kakang'ono, kamene kanachedwa kubwerera.

"Mudzawauze kuti kuno ana akutupa ndi njala," anatero. "Simudzakhala mukunama. Ndipo kumene kuli njala, mfumu sipondako."